Kukoma kwa galimoto zakale za ku Britain sikunali mu injini

Anthu akamva kuti ndimakonza galimoto zakale za ku Britain, zija za mipando iwiri zotsegula denga, amayamba ndi funso la liwiro. "Nanga imathamanga bwanji, amakaniko?" Ndikawayankha amagwa mphwayi. MGB, imene inkapangidwa ku Abingdon kuyambira mu 1962 mpaka mu 1980, ili ndi injini ya malita 1.8 yotulutsa pafupifupi 95 horsepower. Corolla ya masiku ano ingaisiye kutali pa msewu wowongoka, dalaivala wake osachita n'kulimbana. Komabe galimotozi zinagulidwa zoposa 500,000, ndipo mpaka lero alipo anthu amene amadzimana kuti apeze imodzi. Chimene akufunacho sichilembedwa pa pepala la wogulitsa, koma ife ogwira sipanala timachidziwa.

Nkhani yonse yagona pa kulemera. MGB imalemera pafupifupi tani imodzi. Lotus Elan, imene Colin Chapman anatulutsa mu 1962, inali yopepuka kwambiri, makilogalamu pafupifupi 700, chifukwa thupi lake linali la fibreglass lokhazikidwa pa msana wachitsulo. Galimoto ikapepuka chonchi, zina zonse zimatsatira. Siifuna mabuleki aakulu. Masipuling'i akhoza kukhala ofewa. Matayala ang'onoang'ono amakwanira. Ndipo chiwongolero sichifuna pampu yothandizira, kotero palibe chimene chili pakati pa manja anu ndi matayala akutsogolo kupatula zitsulo zolumikizana. Aliyense amene anapalasapo njinga yosenza matumba a makala, kenako n'kuipalasanso atatula, akudziwa kale zimene ndikunena: njinga ndi yomweyo, koma yopanda katundu imamvera mukangoganiza zokhota.

Za matayala ndi zimene anthu ambiri amazimva molakwika. Amaganiza kuti tayala lalikulu ndiye labwino nthawi zonse. N'zoona kuti limagwira msewu kwambiri, koma likafika polekezera limataya mwadzidzidzi, ndipo apo n'kuti muli pa liwiro loopsa. Tayala lochepa limayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, ndipo limakuchenjezani. Mukulowa pa kona, chiwongolero chimayamba kulemera m'manja. Matayala akutsogolo akayandikira mapeto a mphamvu yawo, chimapepukanso pang'ono. Kumbuyo kukafuna kupatuka mumakumva m'chiuno, chifukwa m'galimotozi mumakhala pansi kwambiri, pafupi ndi matayala akumbuyo amene amakankha galimoto. Mukachepetsa mafuta pang'ono, mphuno imabwerera mu mzere. Zonsezi zimachitika pa liwiro lololedwa ndi lamulo. Mwini galimoto ya 600 horsepower angayende nayo zaka osamvapo zimenezi ngakhale kamodzi, pakuti malire ake ali kutali kwambiri ndi liwiro la pa msewu wa anthu onse.

Sindikubisa mavuto ake. Dzimbiri limazidya kuchokera pansi. Mafuta a injini amadontha. MGB ili ndi makabuleta awiri ofunika kuwachuna kuti azikoka mpweya mofanana, apo ayi injini imanjenjemera. Denga la lona limalowetsa mvula. Mu 1974 malamulo a ku America anachititsa kuti aiveke mabampala olemera akuda ndi kuikweza pang'ono, ndipo kuyambira pamenepo inayamba kupendama pa kona kuposa kale. Pofika 1980 fakitale ya Abingdon inatsekedwa, Triumph Spitfire nayo inatha chaka chomwecho, ndipo zinaoneka ngati mtundu wa galimotozi wapita.

Amene anaudzutsa ndi Ajapani. Mu February 1989, pa chionetsero cha galimoto ku Chicago, Mazda inaonetsa MX-5. Mainjiniya ake anaphunzira Elan mosamala, ndipo aliyense woika galimoto ziwirizi pamodzi amaona chibale pa nkhope. Injini ya malita 1.6 kutsogolo, mphamvu kumatayala akumbuyo, kulemera kosafika tani imodzi kogawika pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndi giya yaifupi yolowa ndi dzanja lokha osagwedeza phewa. Chatsopano chinali chakuti imalira m'mawa uliwonse ndipo siisiya mafuta pansi. Mu 2016 fakitale ya ku Hiroshima inatulutsa MX-5 yokwanitsa miliyoni imodzi.

Chimene chimandipatsa ulemu pa Mazda ndi mtundu wachinayi wa mu 2015. Galimoto zonse padziko zakhala zikunenepa chifukwa cha ma airbag, zitsulo zoteteza pa ngozi ndi makompyuta. Iwo anapanga yaifupi kuposa ya 1989, yolemera pang'ono pokha kupitirira tani imodzi. Anaisiya dala kuti izipendama pang'ono pa kona, kuti dalaivala azimva kulemera kukusamuka. Denga mumalitsitsa ndi dzanja limodzi muli chikhalire. Pali ya malita 1.5 ndi ya 2.0, ndipo ine ndimasankha yaing'onoyo, chifukwa imakukakamizani kusintha magiya ndi kuikweza injini, monga zinkachitira za ku Britain. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti chiwongolero chake tsopano chimathandizidwa ndi mota yamagetsi, ndipo motayo imameza zina mwa zimene matayala akunena. Ya 1989 inkalankhula momveka kuposa iyi.

Zilipo zina zoyandikira. Toyota ndi Subaru anagwirizana kupanga 86 ndi BRZ mu 2012, ndipo anaziveka dala matayala ochepa, amtundu umene unkapezekanso pa Prius, kuti kumbuyo kuzisewera pa liwiro lochepa. Maganizo ake ndi omwe aja, kungoti denga silitseguka ndipo zimalemera makilogalamu oposa 1,200. Alpine A110 ya ku Dieppe ku France, ya mu 2017, ndi ya aluminiyamu, makilogalamu pafupifupi 1,100, ndipo imayandama pa msewu wokumbika mofanana kwambiri ndi Elan; koma ilibe kilachi ya phazi, magiya mumasinthira pa chiwongolero, ndipo kwa ine gawo lalikulu la ntchito ya dalaivala lachoka pamenepo. Ku England komweko, Caterham ikupangabe Seven, imene Chapman anayambitsa mu 1957 ndipo iwo anagula ufulu wake mu 1973. Seven 170 ili ndi kainjini ka Suzuki ka 660cc ndipo imalemera makilogalamu 440 okha. Palibe galimoto yatsopano yolankhula ndi dalaivala kuposa imeneyi, koma zitseko zenizeni ilibe, ndipo si yopitira kuntchito.

Dzina lokha silikwanira. MG, imene inkapanga MGB, tsopano ndi ya kampani ya ku China ya SAIC, ndipo inatulutsa Cyberster, ya mipando iwiri, yotsegula denga, yoyendera magetsi. Imanyamuka mwamphamvu kwambiri, ndipo ndi yokongola. Koma mabatire amailemeretsa mpaka pafupifupi matani awiri, ngati ma MGB awiri pamodzi, ndipo kulemera kotero kumafuna matayala aakulu, masipuling'i olimba ndi kompyuta yoyang'anira chilichonse. Ndi galimoto yabwino ya mtundu wina.

Kwathu kuno njira yapafupi ndi MX-5 yogwiritsidwapo ntchito yochokera ku Japan, chiwongolero chake chili kale kumanja. Pa mndandanda wa ogulitsa mudzaipeza ndi dzina la Eunos Roadster kapena Mazda Roadster. Ndi yotsika, choncho mahampu ndi maenje muziwalemekeza, koma pa makona okwera ku Golomoti kapena pa phiri la Zomba ndi pamene mudzamve zimene ndafotokozazi. Musanalipire, pemphani zithunzi za kunsi, makamaka m'mbali pansi pa zitseko ndi kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Kuseri kwa mipando kuli timabowo totulutsa madzi a padenga. Tikatsekeka ndi zinyalala, madzi amaima m'kati mwa chitsulo ndipo dzimbiri limayambira kosaoneka. Ngati ndi ya mtundu woyamba kapena wachiwiri, funsani kuti timing belt anasintha liti, ndipo ngati palibe umboni, sinthani ikangofika.

Ikafika, anzanu adzakuuzani kuti muike marimu akuluakulu ndi kuitsitsa. Chonde musatero. Rimu lalikulu limalemera, tayala lake lopyapyala limaphulika pa dzenje loyamba, ndipo limapha chenjezo lija limene mwalipirira ndalama zanu. Gulani matayala anayi abwino a saizi imene Mazda analemba pa chitseko, sinthani mashoki ngati atopa, ndipo mupite nayo kokawongola matayala kwa munthu wodziwa kuyeza onse anayi, osati akutsogolo okha.