Mphunzitsi ali ku Ndola, ophunzira ali ku Chipata

Chaka cha 2024 sichidzaiwalika msanga ku Chipata. Mvula inadula chimanga chisanakhwime, ndipo pa 29 February pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atatsika m'nyanja ya Kariba, magetsi anayamba kuzimazima, mpaka miyezi ina makomo ambiri ankakhala opanda malaiti pafupifupi tsiku lonse. Owotcherera zitsulo, ometa tsitsi ndi ogulitsa za m'firiji ku Kapata ndi ku Saturday Market anagwira njakata. Amene anali ndi kangachepe anathamangira kukagula sola.

Kugula sola sikuvuta, mashopu ali mbwee. Chovuta ndi kupeza mmisiri woidziwa bwino. Woika sola amayenera kuwerengetsa mphamvu zimene nyumba imadya pa tsiku, n'kusankha mapanelo, batire ndi invita zogwirizana ndi mphamvuzo. Akalakwitsa masamu, batire la ndalama zambiri limafa pakangopita miyezi yochepa. Akaika waya wowonda, umatentha, ndipo ukhoza kuyatsa denga. Akalozetsa panelo kolakwika, limapereka mphamvu zochepa, pakuti kuno kum'mwera kwa equator panelo limafunika kupendekekera kumpoto. Luso lotere silibwera chifukwa chongoonerera mnzako akulumikiza mawaya.

Malo ophunzitsira ntchito zamanja alipo m'chigawo cha Kum'mawa. M'tauni muli Chipata Trades Training Institute, ndipo cha ku Petauke kuli Ukwimi Trades Training Institute, kudera kumene kale kunkakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Onsewa amatsata maphunziro ndi mayeso a bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Chiyambire 2022, pamene boma linakweza thumba la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, gawo lina la ndalamazo lakhala likulipirira achinyamata m'makoleji oterewa. Ana a alimi amene kale ankangotsalira pamudzi akamaliza giredi 9 kapena 12 tsopano akupezeka m'mawekishopu.

Koma kuchulukitsa ophunzira kumatheka chaka chimodzi, pamene kuphika mphunzitsi wodziwa sola, mapulogalamu a kompyuta kapena mapampu oyendera dzuwa kumatenga zaka. Akatswiri ambiri ndi zipangizo zodula zili kutali: ku Northern Technical College ku Ndola, ku Evelyn Hone College ku Lusaka, ku koleji ya aphunzitsi a ntchito zamanja ku Luanshya, ndi ku Kafue Gorge Regional Training Centre, kumene amaphunzitsa za mphamvu zamagetsi kwa anthu ochokera m'maiko angapo. Kuchoka ku Chipata kupita ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East. Ku Ndola ndi kutali koposa. Wophunzira wa ku Vubwi kapena ku Chadiza sangapite kumeneko kukangophunzira phunziro la milungu iwiri.

Apa ndi pamene kalasi yolumikizidwa pa intaneti ingapindulitse. Mpangidwe wake si wodabwitsa. M'chipinda cha koleji ina muli mphunzitsi, kamera yomuona iye ndi bolodi, kamera ina yoyang'ana pa tebulo pamene manja ake akugwira ntchito, ndi maikolofoni. M'makoleji ena awiri kapena atatu muli sikirini yaikulu kapena pulojekita, masipika, ndi kamera yoonetsa ophunzira. Mphunzitsi akatsegula invita ku Ndola, wophunzira wa ku Chipata amaona waya uliwonse pafupi kuposa mnzake amene waima kumbuyo kwa gulu m'wekishopu momwemo. Akakweza dzanja, mphunzitsi amamuona n'kumuyankha. Phunzirolo limajambulidwa, kotero amene anajomba chifukwa cha maliro kapena malungo amalipeza.

Chimene chimasiyanitsa kalasi imeneyi ndi kuphunzira pa foni n'chachikulu, ndipo amene anali pa koleji mu 2020 akuchidziwa. Masukulu atatsekedwa mu March chaka chimenecho chifukwa cha Covid-19, maphunziro ambiri anasamukira pa WhatsApp ndi Zoom. Wa foni yabwino ndi bandulo anapitiriza. Wa kumudzi, amene netiweki amaipezera pachulu, anatsalira. M'kalasi yolumikizidwa, mtolo wa intaneti umachoka pamutu pa wophunzira n'kupita ku koleji, ndipo ophunzira makumi atatu amagwiritsa ntchito chingwe chimodzi.

Msewu wodutsamo maphunzirowa unalambulidwa kale. Zambia ili ndi bungwe la ZAMREN, limene linayambitsidwa ndi mayunivesite a boma kuti masukulu apamwamba azigulira intaneti pamodzi motchipa ndi kulumikizana okhaokha. Kudzera mwa ilo, masukulu amene ndi mamembala amakhala ndi eduroam, njira imene imalola wophunzira kulowa pa intaneti ya sukulu ina pogwiritsa ntchito dzina ndi mawu achinsinsi a kusukulu kwawo. ZAMREN ndi membala wa UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa mabungwe otere a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo likulu la mgwirizanowu lili ku Lilongwe, mzinda umene uli pafupi kwambiri ndi Chipata kuposa Lusaka. Kumene chingwe cha faiba sichinafike, kuyambira October 2023 kuli Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti, ngakhale kuti mtengo wake si wa aliyense.

Ganizo lophunzitsa makalasi akutali si lachilendonso. Mu 2009 dziko la India linayambitsa Pan-African e-Network, ndipo aphunzitsi a m'mayunivesite a ku India ankaphunzitsa ophunzira a m'maiko ambiri a mu Africa kudzera pa setilaiti. Anthu anatenga madigiri mwa njira imeneyo. Komabe maphunziro ake anali oyenera bolodi ndi buku, monga a bizinesi ndi makompyuta, ndipo nzeru zinkayenda njira imodzi yokha, kuchokera uko kubwera kuno. Makoleji a ntchito zamanja ali ndi mwayi umene kunalibe kumeneko: onse amatsata silabasi imodzi ya TEVETA ndipo amalemba mayeso ofanana, choncho phunziro lokonzedwa ku koleji imodzi limakwanira m'makoleji ena popanda kulisoka mwatsopano.

Pali zinthu ziwiri zimene sikirini singachite, ndipo aliyense wokonza mapulani otere ayenera kuzivomereza poyambirira. Choyamba, siyaka popanda magetsi. Koleji yofuna kalasi yolumikizidwa iyambe ndi mapanelo ndi mabatire akeake, ndipo ubwino wake ndi wakuti sola yomweyo imasanduka chophunzirira: ophunzira amapukuta mapanelo, amayeza mabatire, amalemba mphamvu zimene zatuluka tsiku lililonse, n'kuyerekeza mwezi wa October ndi wa January. Chachiwiri, kamera siphunzitsa dzanja. Kumangitsa waya kuti usagwedere, kukwera padenga la malata mosavulala, kumva fungo la chinthu chimene chayamba kupsa, zonsezi zimafuna mphunzitsi woima pambali pa wophunzira. Kalasi yolumikizidwa ikagwiritsidwa ntchito ngati chifukwa chosalembera aphunzitsi ku Chipata ndi ku Ukwimi, idzatulutsa achinyamata odziwa mayina a zipangizo koma oopa kuzigwira. Mphunzitsi wa pamalopo ndiye mwini kalasi, ndipo nayenso amanola luso lake pomvetsera katswiri wakutaliyo.

Chinanso chimene chimaiwalika kawirikawiri n'chakuti Chipata nayo ili ndi zophunzitsa ena. Luso losamala chilengedwe si sola yokha. Pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera, kunja pang'ono kwa tauni, akatswiri a boma ndi a bungwe la ICRAF anatha zaka zambiri kuyambira cha m'ma 1980 akuyesa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka, monga jerejere ndi gilisidiya, ndipo zotsatira zake zimawerengedwa m'maiko ambiri. Kampani ya COMACO, imene ili ndi fakitale ku Chipata ndipo imagulitsa chiponde, uchi ndi mpunga pa dzina la It's Wild!, yaphunzitsa alimi ambirimbiri kubzala gilisidiya m'minda, kuweta njuchi ndi kuphikira pa mbaula zosadya nkhuni zambiri. Ku mudzi wa Chitandika, kampani ya ENGIE inatsegula mu 2019 kagiridi ka sola kopereka magetsi kwa anthu a m'mudzimo, ndipo amisiri osamalira malo otere amakumana ndi mafunso amene sapezeka m'buku: mita yolipiriratu ikakana, chigayo chikadya mphamvu zambiri, mitambo ikaphimba masiku atatu. Wophunzira wa ku Copperbelt angapindule kwambiri kuona zimenezi pa sikirini, mlangizi wa ku Msekera atanyamula kamera m'munda. Mgwirizano umene Chipata imangolandira ungakhale wopereweza.

Chilankhulo nacho chili ndi mbali yake. Mayeso amalembedwa m'Chingerezi, koma ophunzira ambiri a maphunziro aafupi amamva msanga zinthu zikafotokozedwa m'Chinyanja, ndipo makasitomala awo a mawa adzawafunsa m'Chinyanja chifukwa chimene batire lathera usiku. Phunziro lojambulidwa ku Chipata m'chilankhulo chimenechi likhoza kuthandiza ku Katete, ku Lusaka, ngakhale kutsidya kwa malire a Mwami, ku Mchinji.

Ndalama zoyambira zili ndi pochokera. Kuyambira 2017 olemba ntchito amalipira msonkho wa 0.5 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti utukule maphunziro a luso, ndipo makomiti a CDF ali ndi mphamvu yosankha zitukuko za m'madera awo. Kugula makamera ndi masikirini ndi gawo lopepuka. Zolemera ndi zimene zimabwera mwezi ndi mwezi: kulipira intaneti, kusintha mabatire akatha, kukhala ndi munthu wokonza makina akavuta, ndi kugwirizana pa malipiro a mphunzitsi amene akuphunzitsa makalasi atatu nthawi imodzi. Akuluakulu a makoleji amafunikanso kukhala pansi n'kugwirizanitsa ndandanda ya maphunziro, kuti Lachiwiri m'mawa ophunzira zamagetsi a ku Chipata, ku Ukwimi ndi ku Ndola akhale onse pa mutu umodzi wa silabasi, ndipo masana ake aliyense alowe m'wekishopu ya kwawo kukayesa zimene waona.