WODWALA WACHIWIRI M'NYUMBA

Inu a ku Chikweo ndi nonse amene mukutimvera m'maboma a Machinga ndi Balaka: bambo akatuluka m'chipatala atapulumuka ku matenda aakulu, timasonkhana, timathokoza Mulungu, kenaka timabalalika poganiza kuti mavuto atha. Lero tifuna tikambe za munthu amene timamuiwala pa tsiku lotere, ndiye mayi wa m'nyumbamo, makamaka pamene matendawo anali khansa ya prositeti.

Tiyambe tawamvetsa matendawo. Prositeti ndi kachiwalo ka amuna okha, kakakulu ngati suku, kamene kali kunsi kwa chikhodzodzo mozinga njira ya mkodzo, ndipo kamapanga gawo lina la madzi a umuna. Khansa yake imagwira kawirikawiri abambo opitirira zaka 50. M'chaka cha 2020 amuna pafupifupi 1.4 miliyoni anapezeka nayo pa dziko lonse. Si vuto lililonse la mkodzo limene lili khansa, pakuti prositeti imatha kungokula ndi ukalamba. Madokotala ndiwo amasiyanitsa, poyeza magazi ndi muyeso wotchedwa PSA, ndiponso podula kanyama kochepa kuti akakaunike.

Chithandizo chilipo: opaleshoni yochotsa prositeti, kuwotcha khansayo ndi makina, kapena kuchepetsa mahomoni achimuna amene khansayi imakulira, pobaya jakisoni kapena pochotsa machende. Ambiri amakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Koma chithandizochi chimasiya zipsera. Ena mkodzo umangodontha, ena amayenda ndi kapaipi, ambiri mphamvu zokhalira malo amodzi ndi akazi awo zimachepa kapena kutheratu. Ochepetsedwa mahomoni amamva kutentha thupi mwadzidzidzi, amatopa msanga, ndipo mtima umasinthasintha. Tsono zonsezi zimagwera pa mayi.

Katundu woyamba ndi wa thupi ndi chuma. Kuchokera ku chipatala chaching'ono cha Chikweo, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Liwonde, kudzera ku Ntaja, ndipo mwina amapitirira ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Gadiyani pa ulendo wonsewu amakhala mayi. Amagona pansi, kumunda kumamera thengo, mpunga ndi mbuzi zimagulitsidwa kuti papezeke ya thiransipoti. Akabwerera kumudzi, ndi iye amene amachapa zofunda m'mbandakucha kuti ana ndi anansi asadziwe. Iyenso ndi wachikulire, mwina ali ndi matenda akeake, koma palibe womufunsa kuti wadzuka bwanji.

Katundu wachiwiri ndi wa kuchipinda, ndipo ameneyu amasenzedwa chamumtima. Bambo amachita manyazi, amaopa kunenedwa kuti anagwa mu mpapaya, ndipo amangokhala chete kapena kukalipa pa zinthu zazing'ono. Mayi, posadziwa chifukwa chake, amaganiza kuti sakukondedwanso kapena kuti kwinakwake kuli mkazi wina. Bambo nayenso amayamba nsanje mayi akachedwa kumsika. Chonchi anthu awiri amene anagonjetsa matenda limodzi amagona mofulatirana.

Katundu wachitatu timamusenzetsa ndife achibale. Kuno kwathu abambo ambiri amakhala pachikamwini. Akadwala, abale awo amabwera ndi mafunso akuti mwam'dyetsa chiyani, mwam'chita chiyani. Tinene momveka: khansa ya prositeti siyambitsidwa ndi mkazi, si ufiti, si matenda opatsirana pogonana, ndipo mayi sangaitenge kwa mwamuna wake. Chimene chimawonjezera chiopsezo ndi ukalamba ndi mtundu wa kubanja. Nchifukwa chake achimwene ndi ana aamuna a wodwalayo angachite bwino kukaonana ndi dokotala m'malo moloza chala mlamu kapena mayi wawo.

Nanga tichite chiyani? Inu abambo, tengani akazi anu polowa kwa dokotala, kuti amve ndi makutu awo zimene chithandizo chidzabweretse. Funsani mosachita manyazi za mkodzo ndi za kuchipinda, pakuti kwa ena mkodzo umayamba kugwirika pakapita miyezi, ndipo alipo mankhwala othandiza ena pa mphamvu zachimuna. Musamwe mankhwala a pamsika dokotala asanavomereze, makamaka ngati muli ndi matenda a mtima. Inu amayi, kunena kuti mwatopa si tchimo, ndipo si kusakhulupirika. Nonse awiri kumbukirani kuti tsiku la ukwati munalonjezana kusungana pa matenda pomwe. Kugwirana dzanja, kugona pa mphasa imodzi ndi kuchezerana usiku, zonsezi ndi chikondi cha m'banja chenicheni.

Inu ankhoswe, makatekisti ndi a m'miphakati, mutu umodzi susenza denga. Mukapita kukazonda, muyambe mwapatsa moni mayi ndi kumufunsa za thupi lake. Gawanani masiku: wina akatunge madzi, wina akapalire, wina akhale ndi bambo kuti mayi apume. Ndipo zimene mwaona m'nyumbamo zisakamveke pachitsime.

Ambuye adalitse mabanja onse amene akusenza katunduyu, ndipo atipatse ife maso oona wodwala wachiwiriyo.