Chifukwa chake timagona kumudzi tisanalembe lipoti

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kafukufuku wa moyo wakumudzi, amaganiza za munthu woyenda khomo ndi khomo atanyamula mafomu, n'kumafunsa kuti nkhuku muli nazo zingati. Mafomuwo timagwiritsa ntchito ndithu. Kalembera wa 2018 ndi amene anatiuza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi. Koma fomu imangoyankha zimene munalemba muli mu ofesi. Vuto limene simunaliganizire lilibe polowera.

Mu 1983, Robert Chambers wa ku Institute of Development Studies ku Britain anafotokoza momwe akatswiri amaphonyera umphawi: amayendera midzi ya m'mbali mwa tala, amapita m'chilimwe misewu ikuyendeka, amalankhula ndi atsogoleri ndi abambo, dzuwa likapendeka n'kubwerera kutauni. Zaka zapitapo zambiri, koma galimoto zathu zikuyendabe choncho.

N'chifukwa chake ife timapempha malo kwa amfumu n'kukagona pakhomo la banja wamba, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha. Timadya zimene apakhomopo akudya, kaya ndi nsima ya gaga kapena mango osapsa ophika. Kope silituluka masana. Timalemba usiku, chifukwa cholembera chikaoneka, macheza amasanduka mayankho.

Taganizani za ganyu. Pa fomu amalembedwa ngati njira imodzi yopezera ndalama, basi. Mukagona pakhomopo mumaona zina. Mayi amadzuka kusanache, n'kudutsa munda wake womwe udzu wafika m'mawondo, kukapalira ndime m'munda mwa wina kuti apeze mbale ya ufa wa tsikulo. Nthawi yopalira ndi imodzi kwa onse, ndiye akamadzatembenukira kumunda kwake chimanga chachita kale chikasu. Adzakolola zochepa, chaka chamawa adzayamba ganyu msanga. Mlendo wa tsiku limodzi akaona munda umenewu amapita akunena kuti anthu akuno ndi aulesi, ndipo mawu amenewo amandiwawa, chifukwa mayiyu ndi amene wagwira khasu kuposa aliyense m'mudzimo.

Kuona kokha sikukwanira, pamafunikanso kukambirana, ndipo apa pali luso lake. Pabwalo, amfumu akalankhula, onse amavomera. Amayi amakhala pamphasa chapatali, achinyamata amangoyang'ana pansi. Choncho timawagawa: amayi paokha, abambo paokha, atsikana ndi anyamata paokhanso. Timawapempha ajambule mudzi wawo pansi ndi kamtengo, phulusa likhale mtsinje, miyala ikhale mijigo, chitsononkho chikhale sukulu. Kamtengoko timawasiyira eni ake, ife n'kukhala pambali. Mkangano ukabuka woti mjigo uwu uikidwe kapena ayi, poti unaonongeka kalekale ndipo ndalama zokonzera zinathera m'manja mwa komiti, pamenepo ndiye taphunzira kanthu. Kenako aliyense amapatsidwa nyemba zoti aike pa vuto limene akuliona kuti ndi lalikulu. Mulu wa abambo kawirikawiri umakwera pa feteleza ndi misika. Wa amayi umapita ku mtunda wa kuchipatala, ku madzi, ndi ku mtsinje wopanda mlatho umene ukadzaza ana sapita kusukulu.

Zina sizinenedwa ngakhale pagulu la amayi okhaokha. Nkhanza za m'banja, mwana wokwatiwa asanamalize sukulu, kapena madandaulo a momwe maina a Mtukula Pakhomo analembedwera, zimatuluka panjira ya kuchigayo kapena potsuka mbale. Zoterezi timalemba popanda dzina la munthu kapena la mudzi, pakuti ife tidzachoka koma wonenayo adzatsala ndi anansi ake.

Chovuta china ndi chiyembekezo. Anthu anazolowera kuti mlendo wofunsa mafunso amatsogolera thandizo, ndipo si kulakwa kwawo. Timanena poyera tsiku loyamba lomwe kuti sitikulemba maina ndipo sitinabwere ndi makuponi. Ena amachoka pomwepo. Tisananyamuke timasonkhanitsa otsalawo, pamodzi ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kuwawerengera zimene tamva kuti atikonze. Lipoti limapita kwa a khonsolo ndi mabungwe zitatha izi, ndipo kope lina limatsala m'mudzimo, lolembedwa m'chinenero chawo.