Tizilombo toumitsa khosi tayamba kusamva mankhwala

Mwana akatentha thupi usiku, makolo ambiri amangoti ndi malungo. Kukacha amathamangira ku golosale kukagula panado ndi makapusozi awiri kapena atatu. Koma mwanayo akayamba kukana bere, kulira kosatonthola, kukomoka ndiponso liwombo n'kutupa, nthawi zina amakhala kuti wagwidwa ndi matenda oumitsa khosi, omwe amatha kupha m'masiku ochepa chabe.

Dzinali limasocheretsa chifukwa makanda ambiri khosi siliuma n'komwe. Chomwe chimachitika n'chakuti mabakiteriya amalowa m'magazi n'kukatupitsa zikuta za ubongo. Ana ena opulumuka amatsala ogontha, akhunyu kapena olumala ziwalo.

Kwa zaka zambiri, madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre ankapeza kwambiri tizilombo ta Streptococcus pneumoniae ndi Haemophilus influenzae b, komanso Salmonella mwa ana onyentchera ndi ochepa magazi. Boma litayamba kupereka katemera wa Haemophilus mu 2002, kachilomboka kanachepa kwambiri. Katemera wa PCV13, wolimbana ndi Streptococcus pneumoniae, anabwera mu November 2011.

Vuto latsala pamankhwala. Kale madokotala ankadalira penicillin ndi chloramphenicol, otsika mtengo, koma tizilombo tina tinasiya kuwamva ndipo m'zaka za m'ma 2000 chipatalachi chinasinthira ku jekeseni wa ceftriaxone. Naye wayamba kutha mphamvu. Kafukufuku yemwe anaunika magazi a odwala pachipatalachi kuyambira 1998 mpaka 2016 anapeza kuti pofika 2016, tizilombo 9 mwa 10 tilitonse ta mtundu wa Klebsiella sitinkamvanso mankhwala a gulu la ceftriaxone, pomwe mu 2003 kanali kamodzi kokha mwa 10. Klebsiella ndi m'modzi mwa adani a makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo palibe katemera wake.

Makapusozi a ku golosale aja ali ndi mbali yawo pankhaniyi. Maantibayotiki akamamwedwa pa chimfine chilichonse, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala n'kuswana. Komanso mwana akafika kuchipatala atamwa kale mankhwalawa, tizilombo timavuta kupezeka ku labu, dokotala n'kumangopereka mankhwala mongoyerekeza.

Kuti adziwe kachilombo kenikeni, madokotala amatenga madzi a pamsana. Apa ndiye pamagona mkangano, chifukwa makolo ena amakana poganiza kuti jekeseni wa pamsanayo ndi amene amapha. Zoona zake n'zakuti ana ambiri omwe amamwalira atatengedwa madziwa amakhala atafika kuchipatala matenda atakula kale.

Ceftriaxone akakanika, dokotala amatsala ndi mankhwala monga meropenem, omwe ndi okwera mtengo ndipo sapezekapezeka m'zipatala za m'maboma.