MAPICHESI AKAYOYOKA MASAMBA MVULA ILI MKATI

Munthu akafika kwa Nazombe, m'boma la Phalombe, m'mwezi wa Juni napeza mitengo ya mapichesi ili nthambi zokhazokha, asadandaule. Pichesi ndi mtengo umene umagona nthawi yozizira. Umataya masamba, kenaka cha mu Julayi ndi Ogasiti umachita maluwa, ndipo zipatso zimapsa chaka chikamapita kumapeto. Koma akaupeza mtengo womwewo uli mbulanda mu Febuluwale, mvula ili mkati, chimanga chikumasula, pamenepo adziwe kuti pali chimene chalakwika.

Vuto limeneli si la kwathu kokha. Pichesi ndi mbale wake wa mtengo wa cherry, umene ku Japan amaudzala chifukwa cha maluwa ake. M'chaka cha 1912 mzinda wa Tokyo unapereka mitengo yotere yoposa 3,000 ku mzinda wa Washington. Nayonso imagwidwa ndi matenda oyoyola masamba nthawi isanakwane. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akaluza amaluza maluwa, pamene banja la kwa Nazombe limaluza zipatso za ana ndi kandalama ka sopo ndi mchere.

Tsono, awerengi athu, musanathamangire kusitolo ya mankhwala, tolani tsamba limodzi ndi kulitembenuza. Ngati pamwamba pali timadontho tachikasu, ndipo kunsi kwake kuli fumbi lofiirira longa dzimbiri limene likukanirira ku chala, chimenecho ndi chiwawu. Fumbilo ndiye mbewu ya matendawa. Mphepo imaliuluza kuchoka pa mtengo wina kupita pa wina, ndipo limamera msanga tsamba likakhala lonyowa nthawi yaitali kunja kukufunda. Nyengo ya dzinja m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi ndi yoteroyo ndithu.

Ambiri sachita nazo kanthu, poti pofika nthawiyi mapichesi anadyedwa kale. Apa ndi pamene timalakwitsa. Miyezi imene mtengo wamaliza kubereka ndiyo imene masamba amausungira chakudya cha maluwa a chaka chotsatira. Masamba akachoka msanga, mtengo umasokonezeka: umaphukanso, mwina kuchita maluwa nthawi yolakwika, ndipo mphamvu zimathera pomwepo. Nyengo yeniyeni ikafika, zipatso zimakhala zowerengeka ndi zazing'ono. Zikachitika zaka zingapo zotsatizana nthambi zimayamba kuuma, eni ake n'kumati mtengo wakalamba, chonsecho sunakwanitse ndi zaka khumi zomwe.

Chithandizo choyamba ndi tsache. Sesani masamba onse ogwa, muwatenthe kapena kuwakwirira m'dzenje lakuya. Musawasiye patsinde poganiza kuti asanduka manyowa. Mu Juni, mtengo uli chigonere, dulirani nthambi za pakati kuti dzuwa ndi mphepo zizilowa, masamba aziuma msanga mvula ikakata. Amene angathe apopere Dithane, yemweyo wa tomato, kapena mankhwala a salufa, timadontho tikangoyamba kuoneka, motsatira muyeso wolembedwa pa paketi ndi malangizo a alangizi a zaulimi. Mankhwala a kopa asungeni mpaka masamba atagwa, pakuti amatha kuwaula masamba a pichesi. Ndipo tisanamizane: tsamba limene lachita kale chikasu silibwerera. Mankhwala amangoteteza amene atsala.

Koma mukatembenuza tsamba osapeza fumbi, masamba onse angochita chikasu ndi kufota, yang'anani pansi. Pichesi sagwirizana ndi madzi odikha. Anthu a ku Phalombe madzi amawadziwa: napolo wa mu Malichi 1991, ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mtengo ukhoza kupulumuka osakokoloka, koma matope ndi mchenga zikakwirira tsinde lake mizu imasowa mpweya ndi kuola. Fukulani dothi lowonjezeralo kufikira pamene mizu yoyamba ikuonekera, ndipo kumbani kangalande kochotsa madzi. Feteleza dikirani naye. Muzu woola sudya.

Inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mbande ya pichesi imene mwabwera nayo kuchokera kwa achibale a kumapiri ikamangonyentchera, amenewo si matenda. Mtengowu umafuna kuzizira kumene kunyanja kulibe. Koma mandimu, malalanje ndi mango a pabwalo panu sayenera kukhala mbulanda mwezi uliwonse wa chaka. Akayamba kulakatika masamba ambiri nthawi imodzi, chitani zomwezo: tembenuzani tsamba, kenaka fukulani patsinde muone ngati pali chiswe, utomoni wotuluka m'khungwa, kapena madzi a kubafa ndi otsukira mbale amene akhala akutayidwa pamenepo tsiku ndi tsiku.