Kodi Dzina Lanu Lili Bwanji M'kaundula wa Ngongole?

Kale munthu akafuna kukongola ukonde kapena thumba la mpunga, mwini sitolo ankangofunsa kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a pamzikiti kuti, "Kodi ameneyu amabweza?" Mbiri ya munthu inkasungidwa pakamwa pa anthu a m'mudzi. Lero mbiri imeneyi ikusungidwa m'makompyuta, ndipo ambiri mwa ife sitinaionepo n'komwe.

Tiyerekeze za bambo wina wa kugombe amene wakhala akupha usipa kwa zaka 10. Boti ali nalo, chilimira ali nacho, chatsala ndi injini basi. Apita kubanki, alemba mapepala onse, koma patapita sabata auzidwa kuti dzina lake lili ndi banga. Iye adabwa poti sanakongolepo kubanki chibadwire. Pofufuza apeza kuti zaka zitatu zapitazo anasaina pepala loimira mphwake pa ngongole, ndipo mphwakeyo anapita ku Johannesburg asanamalize kubweza. Mlandu suola. Ngongole ija yatsekereza injini, ndipo pakhomo pakusowa fizi ya ana.

Kaundula ameneyu ndi wotani?

M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau, ndipo linakonzedwanso mu 2016. Lamuloli limalola makampani olandira chilolezo ku Reserve Bank of Malawi, monga Credit Data CRB ndi TransUnion, kusonkhanitsa mbiri ya anthu okongola. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko dzina la wokongola, kuchuluka kwa ngongole, ndi momwe akubwezera. Chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, n'kovuta kuthawa ngongole ku Mangochi n'kukayamba ina ku Salima kapena ku Nkhotakota, chifukwa nambala ya chiphaso ndi imodzi kulikonse.

Ena angati, "Ife Asilamu sitikhudzidwa, poti chiwongoladzanja ndi haramu." Zoonadi, riba ndi yoletsedwa, ndipo katapira tiyenera kumutalikira. Koma ngakhale banki yotsata Shariah, imene imagula katundu n'kukugulitsani kuti muzilipira pang'onopang'ono, imafuna kudziwa ngati ndinu wokhulupirika. Ndiponso kulemba ngongole si chinthu chachilendo kwa ife. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, imatilamula kulemba ngongole ndi kuika mboni. Tikudziwanso kuti munthu akamwalira, ngongole zake zimabwezedwa chuma chisanagawidwe kwa ana.

Pitani mukaone nokha

Safunsa anadya phula. Musadikire tsiku lokanidwa. Tengani chiphaso chanu cha unzika, mupemphe lipoti lanu ku kampani yosunga mbiriyi, kapena mufunse kubanki yanu kuti akulozereni njira. Mukalilandira, khalani pansi ndi mayi kapena bambo a m'nyumba, muliwerenge mofatsa. Onani ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili zolondola, pakuti kuno kwathu anthu ofanana maina ndi ambiri. Onani ngati ngongole imene munamaliza ikuonekabe ngati yosabweza. Onaninso ngati pali ngongole imene simukuidziwa.

Mukapeza cholakwa, lembani kalata kwa amene anakukongozani ndiponso ku kampaniyo, ndipo muphatikize mafotokope a malisiti. Enieniwo musunge nokha. Ngati sakukuthandizani, kadandauleni ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabungwe onsewa. Chenjerani ndi anthu olonjeza kufufuta dzina lanu mukawapatsa kangachepe. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo ndalama zanu zingopita pachabe.

Kukonza dzina lodetsedwa

Ngati zolembedwazo n'zoona, njira ndi imodzi yokha, kubweza. Yambani ndi ngongole imene tsiku lake linadutsa kale. Mukamaliza, pemphani kalata yotsimikiza kuti palibe chotsala, ndipo patapita miyezi ingapo muonenso lipoti ngati lasintha.

Ife a kunyanja tili ndi vuto lathu lapadera. Ndalama sizibwera mofanana mwezi ndi mwezi. Mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi maboti amagona kumtunda, ndipo pa nyengo yotseka nyanja maukonde ena amapachikidwa. Choncho posaina pangano, nenani zimenezi poyera, ndipo nsomba zikamafa bwino muziika padera ndalama ya miyezi yovutayo. Mukaona kuti mwezi uno mulephera, pitani nokha tsiku lisanafike mukapemphe kuti akusinthireni kabwezedwe. Kuzimitsa foni ndi kubisala kuseri kwa thandala kumangoonjezera banga.

Musakongole kwina kuti mukabwezere kwina. Musabwereke munthu chiphaso chanu kapena simu khadi yanu, ngakhale akhale m'bale wa bere limodzi. Ndipo musanaimire wina pa ngongole, dzifunseni ngati mungathe kubweza nokha iye atalephera, pakuti siginecha yanu ikutanthauza zimenezo.

Dzina loyera silimangidwa tsiku limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mwezi uliwonse umene mwalipira pa nthawi yake umalembedwanso m'kaundula momwemo. Tiyeni mwezi uno usathe tisanaone chimene chinalembedwa pa dzina lathu, kuti tikakonze tikadali ndi mpata.