Galimoto Ikamalira Pokhota

Lero tiyambe tasiya za m'munda, tikambe za galimoto imene imanyamula zokolola zanu masana ndi odwala anu usiku. M'midzi yambiri galimoto yotere ndi imodzi yokha, ndipo ikafa mudzi wonse umayenda pansi.

Kodi munaimvapo ikulira kuti kha-kha-kha pamene woyendetsa akukhota pa mphambano, koma ikalunjika njira n'kukhala chete? Ambiri amati n'kamwala chabe. Kawirikawiri si kamwala ayi.

Magalimoto aang'ono ambiri, monga Toyota Corolla ndi Sienta, amakoka ndi matayala akutsogolo. Tsono tayala lakutsogolo lili ndi ntchito ziwiri, kukoka ndi kukhota. Chifukwa chake shafuti, ndiye chitsulo chochokera ku giyabokosi, ili ndi mfundo pafupi ndi tayala, imene imapinda uku ikuzungulira. Amakaniko amaitcha CV joint. M'kati mwake muli timipira tachitsulo, kawirikawiri 6, toyenda m'tingalande todzala girisi, ndipo zonsezi zavindikiridwa ndi mphira yopindapinda ngati mvukuto. Mphira imeneyi ndiyo mwini nkhani. Ikang'ambika, girisi amatayika, fumbi ndi matope zimalowa, ndipo mchenga umapera timipira tija monga mphero. Kulira mukumvako ndi timipira takutha tikudumpha m'tingalande.

Yesani chotere. Pitani pa bwalo loyera popanda ana, potozani chiwongolero mpaka pothera, ndipo yendani pang'onopang'ono mozungulira, kutsogolo ndi chambuyo. Kenaka potozerani mbali inayo. Mnzanu aime poteropo amvetsere kuti kulira kukuchokera tayala liti. Kukakhala kobwerezabwereza, ndi kufulumira pamene galimoto ikufulumira, ndiyo mfundo ija. Imani, zimitsani injini, suzumirani kuseri kwa tayala. Mukaona girisi wakuda atamwazika m'kati mwa gudumu, umboni wakwana.

Apa tamverani bwino, pakuti ndalama zambiri zimatayika pano. Mukapeza mphira yang'ambika kulira kusanayambe, mwachita mwayi: makaniko atsuke mfundoyo, aike girisi watsopano, mphira yatsopano ndi zomangira zake. Girisi wake ndi wakuda wa mtundu wakewake, si uja mumapaka pa ngolo ya ng'ombe kapena pa njinga. Koma ikayamba kulira, chitsulo chadyeka kale. Girisi akhoza kuitontholetsa masiku angapo, koma sabwezera chitsulo. Gulani mfundo ina basi. Ena amakulunga pong'ambikapo ndi jumbo ndi malegeni. Ine sindiwaseka, pakuti munthu ali kutali ndi tauni amachita chimene angathe, koma zimenezo n'zongofikira nazo kwa makaniko. Mfundo ikathyokeratu, injini imalira bwino lomwe, giya imalowa, koma galimoto siisuntha. Taganizani zitakuchitikirani muli ndi mabelo a fodya pa njira ya ku Kanengo, kapena muli ndi mayi wodwala pakati pa usiku.

Pali kulira kwina kumene ine ndimakuopa koposa. Kumeneku sikubwerezabwereza. Kumamveka kamodzi kapena kawiri kuti gu! pokhota kapena pogunda dzenje. Yambani mwayesa manati a tayala ndi sipanala, pakuti nthawi zina amangokhala atamasuka. Akakhala olimba, ganizirani ball joint, mfundo imene imagwirizira gudumu ku galimoto, kapena tie rod end, imene imakankha tayala mukapotoza chiwongolero. Eni mapikiapu okoka ndi matayala akumbuyo okha, kutsogolo kwanu kulibe CV joint, tsono muyambire pa ziwirizi.

Imikani galimoto pamalo osalala, tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani kutsogolo ndi jeke, ndipo ikani chipika cholimba pansi pa chitsulo cha galimoto. Musakhulupirire jeke yokha, ndiponso njerwa zimaphwanyika. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likagwedera, ndi ball joint kapena beringi. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere. Likagwedera motero pamene chiwongolero chili chete, ndi tie rod end. Magalimoto ena saonetsa kugwedera ngakhale mfundo itatha, tsono kulira kukapitirira makaniko aone ndithu. Ball joint ikaguluka, tayala limapindikira pansi pa galimoto ili pa liwiro, ndipo woyendetsa sangachitenso kanthu. Galimoto yotere musakwezemo munthu kapena thumba limodzi lomwe mpaka itakonzedwa. Akasintha tie rod end, akawongolenso mayendedwe a matayala, chimene amati alignment, kupanda kutero matayala adzadyeka mbali imodzi.

Mukamva kudumpha pamene mukupotoza chiwongolero galimoto ili chiimire, nthawi zambiri ndi beringi ya pamwamba pa shokabu imene yauma, ndipo sipuling'i ikugwira n'kumasuka. Inunso a Hilux ndi ena okoka ndi matayala onse anayi, mukatuluka m'matope kulowa pa tala, chotsani giya ya matayala anayi ija. Mukaisiya, galimoto imaumirira ndi kudumphadumpha pokhota, ndipo mudzagula chitsulo chimene chinalibe mlandu.

Mafumu, gawo lanu lilipo. Chimene chimang'amba mphira zija msanga ndi zitsa, mapesi ndi mitengo yotsalira m'njira za kumunda. Mukamema anthu kulambula msewu, auzeni azule zitsa, asangodula pamwamba, ndipo akwirire mikwasa yakuya imene imachititsa galimoto kukhuza mimba pansi. Ndipo mwini galimoto wa m'mudzi mwanu mum'funse pamaso pa anthu kuti anasuzumira liti kuseri kwa matayala ake. Ayenera kutero kamodzi pa mwezi, ndiponso nthawi iliyonse akachoka m'matope a dzinja. Apotoze chiwongolero mpaka pothera, agwade, atambasule mapindo a mphira ndi zala, pakuti ming'alu imayambira m'kati mwa mapindowo.